Ku London n'kutali bwanji kuchokera ku Chipata, nanga pa ndege ndikhala maola angati?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mayi wina wa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata. Alemba motere:

"Mwana wanga wamkazi ndi nesi ku UK. Wachira mwezi wathawu, kwabadwa mwana wamwamuna, ndiye wandiitana kuti ndikaone khandalo. Ndili ndi zaka 64, ndege sindinakwerepo, ndipo ndimamwa mankhwala a BP. Mdzukulu wanga wamkulu anafufuza pa foni n'kupeza kuti kuchoka ku Lusaka kufika ku London ndi makilomita 7,900 ndipo ndege imatenga maola 10. Koma matikiti atatu amene mwana wanditumizira kuti ndisankhepo akunena zina: yodzera ku Addis Ababa yalemba maola 17, ya ku Dubai maola 19, ya ku Nairobi maola 27. Zoona ndi ziti? Kodi ndege zinazi n'zaulesi, kapena pali amene akufuna kutidyera ndalama? Anzanga kutchalitchi akuti ndikakwerere ku Lilongwe poti m'pafupi. Chinanso, miyendo yanga imatupa ndikakhala nthawi yaitali, ngakhale pa basi ya ku Lusaka. Chingelezi ndimamva, koma cha azungu othamanga pakamwa chimandipita. Ndithandizeni."

Amayi, tithokoze kuti mwana wachira bwino. Mtima ukhale m'malo, palibe amene akukudyerani ndalama pamenepa, ndipo palibe ndege yaulesi. Mdzukulu wanu sanalakwe, matikitiwo nawonso sakunama. Kungoti nambala ya pa foni ikunena za ulendo umene masiku ano kulibe, pomwe za pa matikiti zikunena za ulendo umene mudzayendedi. Ndagulitsa matikiti a ndege kwa zaka zambiri, ndipo funso lanuli ndi limene makolo ambiri a kwathu kuno kum'mawa amabwera nalo ana akawaitana kunja.

Makilomita 7,900 aja ndi mtunda wowongoka, kuchoka pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka kukafika pa bwalo la Heathrow ku London, osakhota, osatera pena paliponse. Mukaona pena alemba 4,900 musadabwe, amenewo ndi mamailosi, muyeso umene a ku UK akugwiritsabe ntchito pa misewu yawo. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zikafika m'mwamba, makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Mukagawa mupeza maola 9 ndi kanthu. Muonjezepo nthawi yoyenda pansi isananyamuke, yokwera, yotsika pang'onopang'ono, ndi yozungulira m'mwamba podikira mpata wotera, pakuti pa Heathrow ndege zimachita kufola, ndiye mufika pa maola 10 amene mdzukulu anapeza.

Ulendo wa maola 10 umenewo unalipodi. A msinkhu wanu akukumbukira Zambia Airways yakale ija ndi ndege yake yaikulu yotchedwa Nkwazi, imene inkapita ku London kampaniyo isanatsekedwe mu Disembala 1994. British Airways inapitiriza kuuluka molunjika pakati pa London ndi Lusaka mpaka mu Okutobala 2013, pamene inasiya njirayi. Chichokereni pamenepo, wochoka ku Zambia amayenera kudzera m'dziko lina n'kusintha ndege. Makina a pa intaneti owerengera mtunda alibe nazo ntchito zimenezi. Ukawapatsa mayina a mizinda iwiri, amangowerengera ngati ndegeyo ilipo.

Tsono taonani njira zanu zitatu. Kudzera ku Nairobi ndiko kufupi: makilomita pafupifupi 1,800 kuchoka ku Lusaka, osakwana maola 3, kenako ena 6,800 kukafika ku London, maola pafupifupi 9. Pamodzi ndi 8,600. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,900 kuphatikiza 5,900, ndiye kuti 8,800, maola 4 ndi maola 8. Ya ku Dubai ndiye yozungulira. Mumayamba mwalowera kumpoto chakum'mawa makilomita pafupifupi 5,400, maola 7, kenako n'kukhotera kumadzulo ena 5,500, maola 7 ndi theka. Pamodzi akuyandikira 11,000, kuposa mtunda wowongoka uja ndi makilomita 3,000. Ziliponso njira zina, ya ku Doha imene ikufanana ndi ya ku Dubai, ya ku Kigali, ndi ya ku Johannesburg, kumene munthu amayamba wabwerera kummwera maola 2 asanauluke maola 11 kupita kumpoto.

Ndiye tikiti ya ku Nairobi, imene njira yake ndi yaifupi kuposa zonse, ndi imene yalemba maola 27. M'mwamba mukhalamo maola 12 okha. Ena 15 ndi okhala pa mpando pa bwalo la ndege, kudikira ndege yachiwiri. Ya ku Dubai m'mwamba ndi maola 14 ndi theka, kudikira 4 ndi theka. Ya ku Addis Ababa 12 m'mwamba, 5 pansi. Si kuti ku Nairobi kumachedwetsa nthawi zonse ayi. Tsiku lina, kapena ndege ina ya tsiku lomwelo, mutha kupeza kudikira kwa maola 3 okha. Zimangotengera kuti ndege yoyamba ikutera nthawi yanji, yachiwiri ikunyamuka nthawi yanji. Choncho poyang'ana tikiti, diso lisathamangire pa makilomita. Funsani kuti ndidikira maola angati, ndidikirira kuti, usana kapena usiku.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa ana athu akamagula matikiti pa intaneti amakonda kusankha yolemba maola ochepa kwambiri, poganiza kuti akuchitira chifundo kholo. Kudikira kochepa kuli ndi vuto lake. Mukatsika ndege yoyamba simulowa yachiwiri pomwepo. Mumayenda mtunda ndithu m'kati mwa nyumbayo kutsatira zikwangwani zolemba kuti "Transfers" kapena "Connections", mumafola kuti chikwama chanu cham'manja achiunikenso, mumafufuza nambala ya geti yanu pa sikirini, n'kuyendanso kukaipeza. Ku Dubai bwaloli ndi lalikulu moti mbali ina mumachita kukwera sitima kapena basi m'kati momwemo. Geti amatseka ndege isananyamuke, nthawi zambiri kutatsala mphindi 20. Ndege yoyamba ikangochedwa ndi theka la ola, munthu wa ola limodzi lodikira watsala. Kwa munthu woyamba kukwera ndege, wa msinkhu wanu, ine ndimati maola 3 mpaka 5 ndiwo abwino: mupeza geti osathamanga, mupita kuchimbudzi, mumwa tiyi, muwongola miyendo.

Maola 15 nawonso ndi chilango. Mipando ya pa bwalo la ndege sanaipangire kugonapo, chakudya n'chodula, ndipo usiku kumazizira. Makampani ena amapereka hotelo kwa odikira nthawi yaitali, koma si tikiti iliyonse imene ili ndi mwayi umenewo, ndiye mwana afunse ndipo yankho likhale lolemba musananyamuke. Palinso nkhani ya khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Kenya ndi Ethiopia ali pa mndandanda wa mayiko okhala ndi matendawa, ndipo mayiko ambiri amafuna khadilo kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la ndege la dziko lotero. Kwa anthu opitirira zaka 60 katemerayu sangobaya chibayebaye, dokotala amayamba waona kaye. N'chifukwa chinanso chopewera tikiti ya maola 27.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi mawotchi. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo kumene ndege ikunyamukira kapena kutera, osati ya kwathu. Tiyerekeze kuti tikiti ya ku Addis Ababa yalemba kuti munyamuka ku Lusaka 15:00 ndipo mufika 20:00. Mukawerenga pa zala mupeza maola 5, koma ndi 4, chifukwa wotchi ya ku Ethiopia, monganso ya ku Kenya, ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Kenako yalemba kuti munyamuka 01:00, kufika ku London 07:00. Pa pepala akuoneka maola 6, chikhalirecho ndi 8. Ku Dubai ali patsogolo pathu ndi maola 2, choncho ulendo wopita kumeneko umaoneka wautali kuposa mmene ulili, ndipo wochoka kumeneko kupita ku London umaoneka waufupi modabwitsa. Samalaninso ndi 01:00 ameneyu. Ndege ya 01:00 Lachitatu ndi ya usiku wa Lachiwiri, ndipo alipo amene anabwera Lachitatu madzulo atavala bwino, ndege itapita kalekale. Mukafika ku Addis Ababa dalirani mawotchi a pakhoma ndi masikirini, chifukwa anthu a kumeneko ali ndi kawerengedwe kawo kamene kamayamba kuwerenga maola dzuwa likamatuluka, ndipo mukafunsa munthu wamba angakuuzeni nthawi yosiyana ndi ya pa tikiti ndi maola 6.

A ku UK amasintha mawotchi kawiri pa chaka. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola 2. Ubwino wake ndi woti kusiyana kumeneku n'kochepa. Opita ku Guangzhou, kumene ali patsogolo pathu ndi maola 6, kapena ku New York, amatha masiku thupi litasokonezeka, kugona usana n'kukhala maso usiku. Inu zimenezo sizidzakuvutani kwenikweni. Kutopa kwanu kudzakhala kwa kusagona basi, ndipo mankhwala mutha kumwa pa nthawi yomwe munazolowera.

Mukayang'ana ulendo wobwerera muona kuti maola sakufanana ndendende ndi opita, ngakhale njira ndi yomweyo. Kumwamba kumene ndege zimadutsa kuli mphepo yamphamvu yowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Anyamata a njinga zonyamula anthu m'tauni mwathumu akudziwa kusiyana kwa kupalasa mphepo ili kumsana ndi kupalasa ili kumaso, ndipo ndege nayo n'chimodzimodzi. Kuchoka ku Dubai kupita ku London imalimbana ndi mphepo, pobwerera mphepo imaikankha, ndiye pamasiyana theka la ola kapena kuposerapo. Pa njira za kumpoto ndi kummwera, monga ya ku Nairobi, kusiyanako n'kochepa. Nkhondo nazo zimatalikitsa ulendo. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023 mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zochoka kum'mawa kwa Africa kupita ku Ulaya zinayamba kulambalala. Onaninso bwino ngati ndege yanu sikutera penanso pa njira. Ndege zingapo zotumikira Lusaka zimaphatikiza ndi Harare, moti mbali imodzi ya ulendo mutha kutera kumeneko n'kukhala m'ndege momwemo ola kapena kuposa, ena akutsika ena akukwera. Nambala ya ndege imakhala imodzi, ndiye anthu ambiri saona.

Koma zonsezi tikuwerenga ngati mumakhala pa geti la bwalo la ndege, pomwe inu muli ku Kapata. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, mapiri aja, Rufunsa ndi Chongwe. Pa basi ndi maola 8 kapena 9 zinthu zikayenda bwino. Chowawa chake n'choti ulendo wonsewo sukufupikitsani ku London ngakhale pang'ono: mukayeza mowongoka, Chipata ndi Lusaka atalikirana ndi London mofanana, makilomita pafupifupi 7,900 onse awiri. Mukupita ku Lusaka chifukwa ndiko kuli ndege, basi.

Musadzayerekeze kukwera basi tsiku lomwe ndege ikunyamuka, ngakhale ndegeyo ikhale ya usiku. Lole imodzi ikagwa m'mapiri a Luangwa msewu umatsekeka, ndipo kampani ya ndege sidzamva zimenezo. Gonani ku Lusaka, makamaka kwa achibale a mbali ya Chelstone kapena Avondale ngati alipo, poti bwalo la ndege lili mbali ya kum'mawa komweko ndipo simudzalimbana ndi mizere ya magalimoto ya m'tauni. Pa bwalo muzifika kutatsala maola 3. Tsono tiwerenge pamodzi. Mwanyamuka ku Chipata Lolemba 05:00, mwagona ku Lusaka, Lachiwiri 15:00 mwakwera ndege, Lachitatu 07:00 mwatera ku London. Apo apita kale maola 51, powerengera ndi ola la kusiyana kwa mawotchi lija, ndipo simunadutse kwa a zolowa ndi kutuluka, kumene mzere ungatenge ola kapena awiri, simunatenge masutikesi, simunayambe ulendo wa kunyumba kwa mwana. Maola 10 a mdzukulu asanduka masiku awiri ndi kanthu, ndipo amenewa ndiwo muyenera kukonzekera, m'thupi ndi m'thumba momwe.

Anzanu a kutchalitchi sananame. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 140, kudzera pa chipata cha Mwami ndi Mchinji, kumene kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali malo amodzi. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzindawo. Nzika ya Zambia sifunika viza kulowa m'Malawi, ndipo kuchokera ku Lilongwe ziliko ndege za ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Kwa munthu wa miyendo yotupa, maola 3 pa galimoto m'malo mwa 9 pa basi si nkhani yaing'ono, ndipo ine ndimawauza anthu a ku Chipata, Chadiza ndi Lundazi kuti azifunsa mitengo ya mbali zonse ziwiri asanagule. Zoti muganizire ndi izi. Ku Lusaka makampani ndi ambiri, ndiye nthawi zina tikiti imatsikirako mtengo ndipo masiku osankha amachuluka. Tikiti ikayambira ku Lilongwe imathera ku Lilongwe, choncho pakhale munthu wodalirika wa galimoto wokuperekezani ndi wokudzatengani, wokhala ndi mapepala odutsira pa malire. Pa chipata pamafunika kusiyira nthawi yokwanira, ndipo ngati ndege ndi ya m'mawa, kagoneni ku Lilongwe komweko. Njira ina ndi ya ku Mfuwe, maola pafupifupi 2 pa galimoto kuchoka ku Chipata, kenako ndege yaing'ono ya ola limodzi ndi mphindi zochepa kufika ku Lusaka. Ndi yopepuka m'thupi koma yolemera m'thumba, ndipo muyambe mwafunsa kuti akulola katundu wolemera bwanji.

Kaya mukwerera kuti, chimodzi ndikuumirira: ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Tikiti ikakhala imodzi, masutikesi mumapereka poyambira n'kukawalandira ku UK, ndipo ndege yoyamba ikachedwa mpaka kukuphonyetsani yachiwiri, ndi udindo wa kampaniyo kukuikani pa ndege ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa kangachepe, vuto lonse ndi lanu. Ndinaonapo bambo wina wachikulire amene mwana wake anamugulira choncho. Ndege yoyamba inachedwa, yachiwiri inapita, ndipo poti sanaoneke pa ulendo wopita, ulendo wobwerera wa pa tikiti yachiwiriyo unafufutidwanso. Banja linagula tikiti yatsopano tsiku lomwelo pa mtengo wowawa.

M'kalata mwanu mwati mwana ali "ku UK", ndipo ife kuno UK yense timangoti London. Mufunseni tauni yeniyeni. Manesi athu ambiri ali ku Manchester, Birmingham, Leeds, ena mpaka ku Scotland. Kuchoka ku London kufika ku Manchester ndi maola oposa 2 pa sitima, pa galimoto 4 kapena kuposa, ndipo mayi wa khanda sangayende mtunda umenewo kudzakuchingamirani. Ndege zodzera ku Dubai zimateranso ku Manchester, Birmingham, Newcastle ndi Glasgow. Ngati mwana ali kufupi ndi umodzi wa mizinda imeneyi, tikiti ya maola 19 yokuterani pakhomo pake ikuposa ya maola 17 yokusiyani ku London. Ngakhale London yemweyo ali ndi mabwalo angapo, Heathrow kumadzulo, Gatwick kummwera, Stansted kumpoto, ndipo ndi otalikirana, choncho wokuchingamirani adziwe bwalo ndi nambala ya ndege.

Tibwere ku miyendo, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri. Munthu akakhala malo amodzi nthawi yaitali, magazi a m'miyendo amayenda mwaulesi. Kutupa pang'ono kwa mapazi onse awiri, kumene kumaphwa mukayenda kapena mukagona, kumachitikira anthu ambiri ndipo pakokha si koopsa. Choopsa ndi magazi kuundana mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo, chifukwa magazi oundanawo akathothoka amakatseka m'mapapo. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2007 kuti chiopsezochi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala pansi pa ulendo wa maola 4 kapena kuposa, kaya ndi pa ndege, basi kapena galimoto, ngakhale kuti mwa apaulendo onse amene zimawachitikira ndi ochepa. Chimakwera ndi msinkhu, kunenepa, opaleshoni ya posachedwa, khansa, komanso ngati zinakuchitikiranipo kale. Inu mukuphatikiza basi ya maola 9 ndi ndege ziwiri m'masiku awiri, n'chifukwa chake usiku wogona pabedi pakati pake ndi wofunika, ndipo Lilongwe akuyenera kuganiziridwa.

Pitani kwa dokotala kapena kukiliniki kumene mumatenga mankhwala kutatsala mwezi kapena kuposa, osati sabata yonyamuka. Muwauze kutalika kwa ulendo ndi za kutupako, kuti aone ngati kukuchokera ku mtima, impso, mitsempha kapena mankhwala omwewo, pakuti mankhwala ena a BP amatupitsa mapazi. Afunseni za masokosi othina opangira apaulendo, amene amafika m'maondo. Amathandiza, koma ayenera kukhala a saizi yanu ndipo si aliyense amene amamuyenera. Musamwe aspirin kapena mapiritsi ogonetsa chifukwa choti mnzanu anatero. BP ikhale itakhazikika musanakwere, chifukwa mpweya wa m'ndege ndi wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo Addis Ababa yemweyo ali pa mamita oposa 2,300, moti mukathamanga kumeneko mutha kumva befu. Amene anadwala mtima kapena sitiroko posachedwa, kapena amabanika akangoyenda pang'ono, asagule tikiti dokotala asanavomere.

M'ndegemo pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, osati wa pawindo. Muzidzuka pakapita ola limodzi kapena awiri, kuyenda pang'ono, ndipo mutakhala muzigwedeza mapazi ndi kupinda zala. Imwani madzi. Ndikudziwa azimayi ambiri achikulire amadzimana madzi, ena mpaka kudumpha piritsi lokodzetsa, poopa kuvutitsa oyandikana nawo kapena poopa chimbudzi cha m'ndege chimene chimachita phokoso. Musatero. Phokosolo ndi la mpweya wokoka basi, ndipo ogwira ntchito m'ndege akuonetsani kotsegulira mukawafunsa. Mankhwala onse akhale m'chikwama cham'manja, m'mapaketi awo, okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Sutikesi itha kutsalira pa njira n'kubwera patapita masiku. Juzi nayo ikhale m'manja, osati m'sutikesi.

Mukafika, kapena ngakhale patapita masabata, mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake, katumba kakamapweteka, kutentha kapena kusintha mtundu, musathowe ndi madzi otentha kapena kusisita. Uzani mwana tsiku lomwelo mupite kuchipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika mwadzidzidzi kapena kutsokomola magazi, imeneyo ndi ngozi, ndipo ku UK nambala yake ndi 999. Mlendo akagonekedwa m'chipatala kumeneko amalipiritsidwa, ndipo ndalama zake ndi zambiri, ndiye mwana akugulireni inshuwalansi ya paulendo ndipo atchule za BP polembetsa, chifukwa matenda obisidwa salipiridwa.

Za Chingelezi musade nazo nkhawa. Pogula tikiti, kapena kutatsala maola 48 kapena kuposa kuti ndege inyamuke, mwana apemphe chithandizo cha wilitcheya. N'chaulere, ndipo si cha olumala okha, n'cha aliyense amene sangayende mtunda wautali. Munthu amakutengani pa khomo la ndege, kukudutsitsani mizere, n'kukakusiyani pa geti yoyenera. Ena amakana poona ngati n'zochititsa manyazi, koma kwa woyamba kuyenda ndiyo njira yotsimikizika yosasochera. M'chikwama mukhale pepala lolembapo dzina la mwana, adiresi ndi foni yake, kalata yokuitanani ndi tikiti yobwerera, zosindikiza papepala, chifukwa foni imatha moto pa nthawi yolakwika. Wa zolowa ndi kutuluka akakufunsani, yankhani zoona mwachidule, ndipo akathamanga pakamwa muuzeni abwereze.

Tikiti musalipire viza isanatuluke, pokhapokha ikhale yololeza kusintha tsiku kapena kubweza ndalama. Viza ya alendo mutha kufunsira kutatsala miyezi 3, yankho nthawi zambiri limatenga masabata 3, ndipo m'Zambia muno zala amakadinda ku Lusaka. Tikiti ikagulidwa, mdzukulu alowetse nambala ya bukingi, ya zilembo ndi manambala 6, pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo pamodzi ndi dzina lanu. Ikaoneka ndipo dzina likufanana ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo, ndi yeniyeni. Ikapanda kuoneka, bwererani kwa amene anakugulitsani tsiku lomwelo. Ndipo poti ndikudziwa kuti simungapite kwa mchembere chimanjamanja: kapenta ndi nsomba zouma amalola, chiponde amalola, koma nyama ya mtundu uliwonse, yowamba kapena yofutsa, ndi za mkaka saloleza kulowa nazo.

Pa matikiti atatuwo, ya maola 27 isiyeni, kapena mwana afufuze tsiku lina la njira yomweyo lokhala ndi kudikira kochepa. Ngati mwana ali ku London kapena kufupi, tengani ya ku Addis Ababa, ndipo afunse mtengo wake kuyambira ku Lilongwe. Ngati ali kumpoto kwa England kapena ku Scotland, aone ya ku Dubai yokatera mu mzinda wa kufupi naye. Asanalipire, ayang'anenso nthawi imene ndege yobwerera ikutera. Mabasi a ku Chipata amanyamuka pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka m'mawa, ndiye ndege yofika ku Lusaka masana kapena madzulo ikutanthauza kugonanso usiku wina mumzinda, ndipo achibale okusungani adziwiretu tsiku lake.